Kugona motchipa ku Orlando muli nokha: All-Star, Pop Century, Endless Summer kapena kunja kwa mpanda?

Munthu amene akukonzekera kupita yekha ku malo a zisangalalo a ku Orlando, m'chigawo cha Florida ku America, ayenera kuyamba wavomereza chinthu chimodzi chosakondweretsa, chakuti mahotela a kumeneko amalipiritsa chipinda osati mutu wa munthu. Mtengo umene anthu awiri akanagawana pakati, iye ausenza yekha, ndipo bedi lachiwiri likhala loyalidwa bwino mpaka tsiku lonyamuka. N'chifukwa chake ambiri oyenda okha amathamangira ku mahotela otchipa, ndipo salakwitsa, pakuti munthu amene amatuluka m'mamawa n'kubwera usiku miyendo ili thapsa safuna zambiri kuposa bafa, bedi ndi potchajira foni. Komabe mahotela otchipawo sali ofanana. Zipinda zake zimasiyana pang'ono chabe, koma pamene pali kusiyana kwenikweni ndi pa njira imene mudzayende kuchokera pakhomo la chipinda kukafika pachipata cha paki, kutanthauza malo a zisangalalowo, ndiponso imene mudzabwerere nayo mutatopa. Kwa munthu amene alibe mnzake wogawana naye mtengo wa galimoto, nkhani yagona pamenepo.

Mpofunika kudziwa kaye mmene malowa anakhalira. Walt Disney World ili ndi mapaki anayi, Magic Kingdom imene inatsegulidwa mu 1971, EPCOT ya mu 1982, Hollywood Studios ya mu 1989 ndi Animal Kingdom ya mu 1998, ndipo anamwazikana pa malo aakulu kwambiri moti palibe amene angaganize zozungulira onsewo wapansi. Universal Orlando ili chakumpoto, ulendo wa mphindi 20 kapena 30 pagalimoto pa msewu wa I-4 ngati magalimoto sanathithikane. Mapaki ake awiri akale, Universal Studios Florida ya mu 1990 ndi Islands of Adventure ya mu 1999, ndi oyandikana moti munthu amatuluka kwina n'kukalowa kwina wapansi, pamene Epic Universe, imene inatsegulidwa pa 22 Meyi 2025, ili payokha chapatali. Mabasi aulere a kampani iliyonse amangozungulira m'malo a kampaniyo. Choncho kusankha hotela n'kusankhanso mapaki amene mudzakhalitseko.

Mahotela otchipitsitsa a Disney ndi atatu otchedwa All-Star: Sports ndi Music anatsegulidwa mu 1994, ndipo Movies mu 1999. Ndi nyumba zambiri zosanjikizana katatu, zokongoletsedwa ndi zinthu zikuluzikulu zamitundu yowala, ndipo zitseko za zipinda zimatsegukira panja pa khonde. Chipinda chake ndi chaching'ono, pafupifupi masikweya mita 24. Kwa banja la anthu anayi n'chothina, koma kwa munthu mmodzi n'chokwanira bwino, makamaka chifukwa m'zipinda zokonzedwanso bedi lachiwiri limapindikira kukhoma n'kusanduka tebulo. Mukalisiya lili chopinda, mwapeza podyera ndi poyala katundu, ndipo chipindacho chimaoneka chotakasuka. Muli kafiriji kozizitsira zakumwa ndi makina ophikira khofi, koma mulibe potenthetsera chakudya, moti wofuna kutenthetsa amapita ku holo yodyera imene ili pafupi ndi polandirira alendo. Mahotelawa ndi aakulu, All-Star Sports yokha ili ndi zipinda 1,920, ndipo chipinda chotchipitsitsa chikhoza kukhala kumapeto kwenikweni, komwe munthu amayenda mphindi zingapo kuti akafike pokwerera basi. Zipinda zapafupi zilipo koma pamtengo wowonjezera. Ine sindiona chifukwa choti munthu wamphamvu zake, wopanda mwana woti abereke, alipirire zimenezo.

Chofooka cha All-Star ndi chakuti njira yake ndi imodzi yokha, basi. Mahotelawa ali kumalire a kum'mwera chakumadzulo, kufupi ndi Animal Kingdom koma kutali ndi Magic Kingdom, ndipo pa nthawi imene alendo achepa basi imodzi imatha kuima pa mahotela onse atatu isanapite ku paki. M'mawa zimenezi sizivuta kwenikweni. Pamene pamaonekera kulemera kwake ndi usiku makombola akangotha kuphulika ku Magic Kingdom, anthu zikwizikwi akatulukira pachipata nthawi imodzi. Mzere wa basi umakhotakhota m'zitsulo, makolo akupinda tingolo ta ana uku atanyamula ana ogona paphewa, basi yoyamba imadzaza inu mukuona, ndipo mukakwera yachiwiri nthawi zambiri mumaimirira mutagwira chitsulo mpaka kukafika. Munthu woyenda yekha ali ndi mankhwala ake a vutoli amene banja silingawapeze mosavuta: akhoza kungokhala pabenchi mkati mwa paki kwa theka la ola, kapena kuzungulira m'masitolo amene amatseka mochedwerapo, mpaka chigulu chitaphwa. Dziwaninso kuti mahotelawa amalandira magulu a ana asukulu obwera ku mipikisano ya pa mabwalo a masewero a ESPN Wide World of Sports, ndipo sabata imene agwa kumakhala phokoso m'makonde ndi kudziwe losambira. Kanthu kena kakang'ono ndi msonkho, umene ku All-Star ndi 13.5 peresenti chifukwa ali m'boma la Osceola, pamene m'mahotela a m'boma la Orange ndi 12.5 peresenti.

Ngakhale zili choncho, wogona ku All-Star amalandira mwayi womwewo umene alendo a mahotela ena a Disney amalandira m'mawa. Kuyambira mu Okutobala 2021 amalowa m'paki iliyonse mphindi 30 anthu ena asanaloledwe. Mphindi 30 zingamveke zochepa, koma munthu mmodzi amene sakudikira wina kuti amange nsapato kapena apite kuchimbudzi amatha kukwera chokwera chimodzi chotchuka (zokwera ndi zinthu monga tisitima tothamanga timene anthu amakwera kuti asangalale) mzere usanatalike, n'kukhala ali kale pamzere wa chachiwiri pamene chipata chikutsegukira onse. Wofuna kugula Lightning Lane, imene ndi njira yolipira kuti mudutse mzere waufupi, amasankha nthawi zake kutatsala masiku 7, pamene ogona kunja amayamba kutatsala masiku 3. Maola owonjezera a usiku okha ndiwo amasungidwira alendo a mahotela odula. Pali chinanso chimene ambiri sachiwerengera. Basi ya Disney imakutsitsani pafupi ndi chipata cha Magic Kingdom, pamene wobwera pa galimoto yake kapena pa Uber, takisi yoitanitsa pa foni, amatsikira ku Transportation and Ticket Center, kutsidya kwa nyanja ya Seven Seas Lagoon, ndipo amayenera kukweranso sitima ya monorail kapena boti kuti awoloke.

Pop Century, imene inatsegulidwa mu Disembala 2003 ndipo ili ndi zipinda 2,880, imadula pang'ono kuposa All-Star, ngakhale chipinda chake chili chofanana kukula ndi kakonzedwe. Ndalama yowonjezerayo simukugulira chipinda ayi, mukugulira Skyliner. Izi ndi ngolo zoyenda m'malere zitalendewera pa chingwe, zimene zinayamba kunyamula anthu mu Seputembala 2019, ndipo pokwerera pake pali pa mlatho wa pa Hourglass Lake, pakati pa Pop Century ndi hotela ina ya Disney yotchedwa Art of Animation. Ngolozi siziima kudikira kuti zidzaze monga basi, zimangobwera motsatizana, choncho ngakhale mzere utaoneka wautali umayenda mosalekeza. Mumakwera mpaka ku hotela ya Caribbean Beach, kumene mumatsika n'kusankha chingwe cha ku Hollywood Studios kapena cha ku EPCOT. Ngolo imodzi imanyamula anthu osapitirira 10, ndipo pa nthawi ya chigulu munthu mmodzi amaphatikizidwa ndi banja lina, n'kukhala kumapeto kwa benchi lathabwa, mphepo ikulowera m'timazenera ta m'mwamba, pansi pakuoneka madenga, mitengo ndi magalimoto. Masana dzuwa lili paliwombo nthawi zina mumapezeka muli nokha m'ngolo yonse.

Phindu la Skyliner kwa woyenda yekha limaposa kufulumira kwake. Chingwe cha ku EPCOT chimakutsitsani ku chipata chakumbuyo, International Gateway, chimene chili pakati pa gawo la France ndi la United Kingdom, m'dera la World Showcase mmene muli magawo a maiko 11 ozungulira nyanja (la ku Africa kuno ndi Morocco lokha). M'mapaki onse a Disney, dera limeneli ndilo limene munthu wamkulu woyenda yekha sadzimva kuti wasochera, chifukwa zochita zake ndi kuyenda pang'onopang'ono, kulawa zakudya m'timbale ting'onoting'ono ndi kumvera oimba, ndipo anthu ambiri ozungulira kumeneko madzulo ndi akuluakulu. Wogona ku Pop Century akhoza kupita ku paki m'mamawa, kubwerera kuchipinda masana kutentha kukafika povuta, kugona pang'ono, kenako n'kudzukanso kukadya chamadzulo ku EPCOT, popanda kuuona ulendowo ngati ntchito. Ku All-Star zoterezi n'zotheka, koma munthu akaganiza zodikira basi kanayi pa tsiku limodzi nthawi zambiri amangopirira ku paki komweko, ndipo pofika tsiku lachitatu thupi limayamba kukana.

Skyliner nayo ili ndi malire ake. Sifika ku Magic Kingdom kapena ku Animal Kingdom, kumene wa ku Pop Century amakwera basi ngati wina aliyense, ngakhale basi yake sigawana ndi mahotela atatu. Kukachita ziphaliwali imaimitsidwa, ndipo ku Florida mvula ya mabingu ya masana ndi yachizolowezi kuyambira Juni mpaka Seputembala. Pa nthawi yotero amabweretsa mabasi. Imatsekedwanso kwa masiku angapo pachaka kuti ikonzedwe, kawirikawiri mu Januwale, mwezi umenenso mitengo ya zipinda imatsika, choncho wofuna kupita nthawi imeneyo ayenera kuona masiku ake asanalipire, kuti asagule njira imene sadzaiyenda. Za Art of Animation, ya mu 2012, sindinena zambiri. Imagwiritsa ntchito pokwerera pomwepo, koma zipinda zake zambiri ndi zazikulu za mabanja, ndipo zipinda wamba zili kumapeto kwa malowo pamtengo woposa wa Pop Century. Munthu mmodzi sapindulapo kanthu.

Ku Universal, mahotela otchipitsitsa ndi awiri a Endless Summer, Surfside ya mu 2019 ndi Dockside ya mu 2020, amene anamangidwa m'mbali mwa msewu wa International Drive pamalo pamene kale panali paki ya madzi ya Wet 'n Wild. Kawirikawiri mtengo wake umalingana ndi wa All-Star kapena kutsikirapo, zipinda ndi zatsopano, ndipo zitseko zimatsegukira m'kati mwa nyumba, chinthu chimene amayi ambiri oyenda okha amachiona chofunika akamabwera usiku. Nako njira ndi basi, koma ulendo wake ndi waufupi chifukwa malo a Universal ndi othithikana. Alendo amaloledwa kulowa m'paki yosankhidwa tsikulo mpaka ola lathunthu anthu ena asanalowe. Mukatuluka pachipata cha hotela muli kale pa msewu wa anthu wamba wokhala ndi malesitilanti ndi masitolo a mitengo ya m'tauni, mwayi umene ku Disney kulibe. Wokhala ndi galimoto adziwe kuti mahotela a Universal amalipiritsa poimika galimoto usiku, pamene Disney inachotsa malipiro amenewo mu Januwale 2023. Pa mahotela ena a Universal, Cabana Bay ya mu 2014 ndi Aventura ya mu 2018 zimadulirapo, koma zili pafupi ndi paki ya madzi ya Volcano Bay ndipo pali kanjira ka oyenda pansi kopita ku mapaki akale. Stella Nova ndi Terra Luna, za mu 2025, ndi za munthu amene mtima wake uli pa Epic Universe.

Pali chifukwa china chimene Universal imakomera woyenda yekha, ndicho mizere ya munthu mmodzimmodzi imene amaitcha single rider. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Chokwera chikakhala ndi mipando iwiriiwiri ndipo pabwera banja la anthu atatu, pamatsala mpando umodzi, ndiye wogwira ntchito amakodola munthu wa pa mzere wapaderawo kuti adzaze. Mumaima pambali pachitseko, mukuona zala za wantchitoyo zikuwerenga anthu, ndipo akangokweza chala chimodzi n'kuloza mzere wa mipando, mumapita kukakhala pafupi ndi mlendo amene mudzakuwe naye limodzi kwa mphindi ziwiri n'kusiyana osadziwana maina. Simusankha pokhala, ndipo zokongoletsa zambiri za m'njira ya mzere waukulu zimakupitani, koma nthawi yodikira imatha kutsika kwambiri popanda kulipira kalikonse. Ku Universal zokwera zambiri zikuluzikulu zili ndi mzere wotere, monga Incredible Hulk Coaster ndi Revenge of the Mummy, pamene ku Disney ndi zowerengeka, monga Test Track ku EPCOT ndi Expedition Everest ku Animal Kingdom. Mizereyi imatsekedwa nthawi zina ikadzaza. Komabe imasintha masamu a hotela. Mahotela atatu odula a Universal, Portofino Bay, Hard Rock ndi Royal Pacific, amapereka Express Pass, chiphaso chodutsira mzere waufupi, kwa aliyense wogona m'chipindamo, ndipo kwa anthu anayi zimenezi zimabweza ndalama zambiri. Munthu mmodzi amalipira chipinda chonsecho n'kulandira chiphaso chimodzi, cha chinthu chimene mbali yake yaikulu akanaipeza ulere.

Kuyenda wekha kuli ndi zovuta zake zazing'ono zimene zimakhudza zonyamula. Palibe wokugwirirani chikwama, ndipo ku Universal zokwera zambiri sizilola chikwama, zina zimakudutsitsani pa makina ofufuza zitsulo moti ngakhale foni ndi makiyi ziyenera kutsala. Timabokosi tosungiramo katundu tating'ono ndi taulere pa nthawi imene mukukwera, koma tikuluti n'tolipira, choncho kachikwama kopyapyala n'kabwino kuposa chikwama cha kumsana. Palibenso wokusungirani tebulo pamene mukukatenga chakudya, ndipo njira yabwino ndi kuitanitsiratu pa foni kapena kudya nthawi imene ena sakudya, chisanafike 12 koloko kapena itadutsa 2 koloko. Ku malesitilanti okhala pansi, malo a munthu mmodzi pa kauntala amapezeka ngakhale matebulo atatha, koma muwerengere ndalama yothokoza woperekera chakudya, imene ku America imakhala 18 mpaka 20 peresenti ya bilu. Disney imalola kulowa ndi kamba wanu, ndipo madzi ozizira a m'kapu amaperekedwa ulere pa malo ogulitsa zakudya zachangu. Buledi, zipatso ndi mtedza zogula m'sitolo tsiku loyamba zimapulumutsa ndalama ya chakudya cham'mawa sabata yonse.

Njira yotsala ndi kugona kunja kwa mpanda, m'mahotela a pa International Drive kapena a pa msewu wa US 192 ku Kissimmee. Mtengo umene umaoneka pa intaneti ndi wotsikadi, nthawi zina ndi chakudya cham'mawa chomwe, koma uyenera kuwerengedwa mpaka pansi. Ambiri amawonjezera ndalama ina ya tsiku ndi tsiku imene amaitcha resort fee, ena amalipiritsanso poimika galimoto. Mabasi awo aulere opita ku mapaki amanyamuka kangapo kokha patsiku, ndipo nthawi yobwerera ndi yoikika, moti ufulu wosintha maganizo, umene ndi phindu lalikulu la kuyenda wekha, umatha. Mukabwereka galimoto mumalipira nokha lendi, inshuwalansi, mafuta ndi poimika pa paki, pamene pa Disney sipachepera madola 30 patsiku, kuwonjezera apo n'kumayendetsa kudzanja lamanja, kosiyana ndi kumene tinazolowera kwathu kapena ku Britain, mutatopa ndiponso usiku. Uber kawiri patsiku nayo imadya msanga zimene munapulumutsa, ndipo mtengo wake umakwera pa nthawi yotseka mapaki. Njirayi imakomera munthu amene ulendo wake si wa mapaki a Disney ndi Universal okha, amene akufunanso kupita ku paki ya nyama za m'nyanja ya SeaWorld, ku malo oulutsira maroketi a Kennedy Space Center kapena kukagula zinthu, ndiponso amene wabwera ndi galimoto yake kuchokera m'chigawo china cha America.

Kuchokera ku bwalo la ndege la Orlando International, palibe njira mwa izi imene imakunyamulani ulere, pakuti basi ya Disney ya Magical Express inasiya kuyenda kumayambiriro kwa 2022. Mabasi a Mears Connect amalipiritsa pa munthu, ndipo apa pokha m'pamene kukhala mmodzi kumatchipitsa ulendo poyerekeza ndi takisi. Kwa okhala ku Britain kuli ndege zopita ku Orlando mosaima kuchokera ku London ndi ku Manchester. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia asalipire chipinda chosabwezeka ndalama viza isanatuluke, chifukwa malamulo akhala akukhwima. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa ofunsira viza ya alendo ochokera m'maiko awiriwa. Ndi bwinonso kukumbukira kuti nyengo ya anamondwe ku Florida imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo mitengo yotsika ya mu Seputembala imabwera pamodzi ndi chiopsezo chimenecho.

Nditati ndisankhire munthu woyenda yekha amene akufuna mapaki a Disney kwa masiku anayi kapena asanu, ndingamuuze Pop Century, pokhapokha ngati kusiyana kwa mtengo ndi All-Star pa masiku akewo kuli kwakukulu, kapena ngati masiku ake ambiri adzathera ku Magic Kingdom ndi Animal Kingdom, kumene Skyliner simuthandiza. Za Animal Kingdom, munthu amene anaonapo njovu zikuwoloka Shire ku Liwonde mwina sangafune kutherako tsiku lonse, ndipo pakiyo imatsekanso msanga kuposa zinzake. Amene akufuna zokwera zothamanga ndi zoopsa, ndipo ndalama zake n'zowerengeka, Endless Summer imukwanira, ndipo masiku atatu pa mizere ya munthu mmodzi amupatsa zochuluka. Wofuna makampani onse awiri asavutike kuyenda pa I-4 m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, agawe ulendo pawiri, masiku ena agone ku Disney ena ku Universal. Kusamuka n'kovuta kwa banja la masutikesi asanu, koma kwa munthu wa sutikesi imodzi ndi ulendo umodzi wa Uber. Disney imasamutsa katundu pakati pa mahotela ake okha, choncho tsiku limenelo sutikesi muinyamule nokha m'mawa, muisiye kwa olandira katundu pa hotela ya ku Universal imene mukusamukirayo, mutenge khadi la chipinda limene ndilo chizindikiro chanu cholowera msanga, ndipo chipindacho chidzakhala chitakonzedwa pofika 4 koloko madzulo pamene mukubwera ku paki.